Mapepala a Achimwene Sankabwerera M'mwamba

Ntchito yanga yoyamba inali yoboola makadi. Adzukulu anga ndikawauza amafa nalo phwete, ati gogo, munali kondakitala wa basi kodi? Ndimangowayang'ana. Anthu ake oti ukawalankhula Chichewa amakuyankha Chishona, ungawafotokozere chiyani? Kalelo kompyuta sinali kanthu koika pamiyendo ayi. Chinali chimakina chodzaza chipinda chonse, ndipo sichinkamva munthu pokhapokha uchilankhule ndi timabowo.

Amuna olemba mapulogalamu ankakhala m'chipinda cham'mwamba. Iwo ankalemba malamulo a makinawo ndi pensulo papepala la timabokosi, chilembo chimodzi m'kabokosi kamodzi. Akamaliza, mapepalawo ankatsika kwa ife atsikana asanu ndi mmodzi a chipinda chapansi. Ife timenye mabatani, makina aboole: mzere umodzi wa papepala, khadi limodzi. Makadi amenewo ndiwo ankakadyetsa chimakina chija. Tsiku lonse phokoso lokhalokha, khwa khwa khwa, moti ukafika kunyumba makutu amakhala akulirabe.

Mmodzi mwa amuna am'mwamba aja anali achimwene anga, oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi, ndipo ndiwo anandipezera malowo. Tonse tinabadwira kuno kudziko la eni, m'komboni pafamu ya fodya, kumene makolo athu anafikira atayenda wapansi kuchokera ku Dedza. Bambo anatisiya konko, chifuwa cha m'mabalani. Achimwene ndiwo anatichotsako ine ndi amayi, n'kutibweretsa m'kanyumba kawo m'dera la Zengeza 4, pafupi ndi tauni, kumene ankakhala ndi alamu anga ndi ana awo awiri. Pakampani paja analowa ngati wonyamula mapepala. Anzawo akamadya mabanzi masana, iwo ankawerenga mabuku a makinawo atawabisa m'nyuzipepala. Dziko litalandira ufulu, azungu ambiri anayamba kulongedza kulowera kumwera, mipando yam'mwamba n'kumatsala yokha. Bwana, mzungu wachikulire amene anakana kuchoka, anawaitana achimwene n'kuwapatsa mpando umodzi. Pasanathe zaka zitatu ntchito ya mipando inayi inali pamutu pawo, poti wochoka sankalowedwa m'malo. Kampaniyo inkagulitsa zitsulo za mathirakitala ndi malole, ndipo makina aja ndiwo ankadziwa kuti chitsulo chakuti chili m'nyumba iti, zatsala zingati.

Kunyada kwake ine! Ndinkayenda pambali pawo mapewa ali m'mwamba, Zengeza yense aone. Koma si onse ankakondwa. Mawu akuti achimwene m'kamwa mwa anthu ena a kuno ali ndi minga, amatitcha choncho tonse a ku Malawi akafuna kutiseka. Tsiku lina m'chikepe ndinamva bambo wina wa ofesi ya malonda akuuza mnzake m'Chishona kuti tiyeni tione mubwidi ameneyu afika pati, anthu ake a khasu awa. Mubwidi ndi dzina lina lonyozera ife a ku Malawi, ndipo ankanena achimwene. Sanadziwe kuti ndine mlongo wawo. Ndinamusambitsa chokweza kuyambira pansi mpaka chikepe chinaima, mnzake uja akungowerenga manambala a pakhoma. Ine ndi choncho, mawu sindigona nawo. Amayi ankati pakamwa pangapa padzandipalamulira.

M'chipinda chathu munali lamulo limodzi. Mayi kapitawo wathu, mzimayi wa Chishona wa magalasi okhuthala, ankalibwereza m'mawa uliwonse: boolani zimene mukuona, osati zimene mukuganiza. Ukaona chokayikitsa papepala, usakonze. Uzungulize ndi cholembera chofiira, uliike m'thireyi yobwerera m'mwamba. Thireyi imeneyo inkayamba yaima pa desiki pa bwana isanafike kwa mwini pepala. Ndiponso khadi lililonse linkadutsa m'manja mwa anthu awiri. Wina aboole, wina abwereze kumenya mabatani omwewo kuchokera papepala lomwelo, kuti makina agwire ngati woyamba uja waphonya.

Mapepala a achimwene sankabwerera m'mwamba, ndipo chipinda chonse chinkadziwa. Zilembo zawo zinali zoima njo, chilichonse pakati penipeni pa kabokosi, ziro aliyense atamudula ndi kamzere kuti asafanane ndi O. Akangofika, atsikana ankandiseka, "Mapepa abhudhi vako auya," ati mapepala a achimwene ako afika, n'kundisiyira, podziwa kuti wina akawagwira tiyambana. Dzanja limenelo ndinkalidziwa kuposa langa. Ndi lomwe linandiphunzitsa kulemba, ndi kamtengo pa dothi la m'komboni, moti mpaka lero R wanga ndi R wa achimwene.

Zinayamba ndi kadontho. Chilankhulo cha makina aja ine sindinachiphunzire, koma ukaboola mapepala a munthu mmodzi zaka ziwiri, zala zimadziwa pamene mawu ake amapumira. Tsiku limenelo zala zinafika pamapeto pa mzere zikufuna kadontho, kadontho palibe. Ndinayang'ana uku ndi uku. Aliyense anali atawerama pa makina ake. Ndinatulutsa pensulo n'kudontheza. Kadontho kamodzi, inu, kochepa kuposa njere ya mpiru. Ndinadziuza kuti munthu aliyense amaiwala.

Sabata yotsatira anali maziro atatu osadulidwa. Ndinawadula. Kenako mzere umodzi unalembedwa kawiri. Ndinakagula kalabala kumsika wa Chikwanha, koyera, kofewa, kosasiya chipsera, n'kumakasunga m'thumba la juzi. Ndinkakonzera papepala penipeni, ndi dzanja lawo lomwe lija, kuti mnzanga wobwereza asapeze kusiyana.

Kunyumba tinkaona zina, koma tinkaziona ndi maso a pafamu. Achimwene ankapita kuntchito Lolemba mpaka Loweruka, nthawi zina osabwera masiku awiri, ati mpata wa makina wapezeka nthawi imeneyo. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, tayi asanamasule, ayala kale pathebulo mapepala aatali a mizere yobiriwira otuluka m'makina, chala chikuyenda, milomo ikugwedera. Ana akayandikira, alamu ankawathamangitsira panja. Mapiritsi a mutu ankagula pa katakishopu, kagolosale ka pakona, n'kumatafuna opanda madzi, ngati mtedza.

Amayi ankamukonda mwana wawoyo kuposa tonsefe, koma mawu akuti kutopa sankawalola m'nyumba muja.

"Mutu ukundipweteka, amayi," achimwene ankatero, atagwira kumbuyo kwa khosi.

"Ukupwetekedwa ndi chiyani, mpando wozungulira uja? Bambo ako ankalowa m'munda nkhuku zisanatsike, kutuluka dzuwa litalowa, mvula ili pamsana. Iwe umavala juzi mwezi wa Okutobala, ati kuntchito kumazizira. Ha! Ana inu zinakuyenderani."

Tinkaseka tonse, ndi achimwene omwe. Inenso ndinkaonjezera zanga, poti pa kuseka munthu sinditsalira m'mbuyo. Sitinali ankhanza ayi. Kungoti kwathu ntchito yopha munthu tinkaidziwira zikang'a za m'manja ndi msana wopindika. Munthu wa manja osalala, wobwera kunyumba malaya akadali oyera, tikanamuopera chiyani?

Alamu okha ndiwo sankaseka. Anali munthu wofatsa, wa dera loyandikana nafe la Unit L, makolo awo a ku Mulanje. Kangapo ndinawamva akuti, "Bambo, tapitani kukiliniki akakupimeni." Yankho linali limodzimodzi: "Ikangoyenda pulogalamu yatsopanoyi ndipita." Kampani inali itaitanitsa makina atsopano, ndipo zonse za m'makina akale zinayenera kusamutsidwa pofika Julayi. Tsikulo bwana anali atalengeza kale. Wodziwa zam'mimba mwa makina akalewo anatsala mmodzi yekha, achimwene.

Masana ena anaiwala chakudya chawo m'chikwama changa, ndiye ndinakwera nacho. Chipinda cha chimakina chija chinali ndi khoma la galasi, ife apansi sitinkaloledwa kulowamo. Ndinawaona ali okhaokha m'katimo, atavala juzi yawo yotuwa, ataima pafupi ndi makina osindikiza. Dzanja limodzi linali litagwira khoma, maso ali otseka. Mapepala ankatuluka n'kumadzipinda okha pansi, iwo osawayang'ana. Ndinagogoda pagalasi katatu. Atatsegula maso anandiyang'ana kaye ngati mlendo, kenako n'kumwetulira. Chakudyacho ndinachipeza madzulo chili chimodzimodzi, chosatsegula.

Ndiye kunabwera pepala lija. M'chilankhulo cha makina muli mawu awiri a Chingerezi, GO TO, olamula makina kudumphira pamzere wina. Ndinali nditawaboola kosawerengeka. M'mawa umenewo, pakati pa tsamba, m'timabokosi mwake bwinobwino, munalembedwa kuti PITA KU. Ndinaseka mpaka mayi kapitawo anadzutsa mutu. Ndinayesa achimwene akundiseweretsa, poti m'nyumba yonse ija womva Chichewa ndinali ine ndekha. Ndinatsitsa maso. Mizere isanu pansi pake, PITA KU. Patsamba lachiwiri, kawiri. Ndinasiya kuseka. Achimwene anga sankasewera papepala la ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ndinafufuta monse munayi n'kubwezeramo Chingerezi chake.

M'mawa mwake tinapeza mpando m'basi ya kutauni, chinthu chosachitikachitika. Ndinadikira mpaka titaoloka mtsinje wa Manyame.

"Achimwene, dzulo munafuna kuwaphunzitsa Chichewa makina aja?"

"Ukuti chiyani?"

"PITA KU. Kanayi konse."

"Ine?"

"Inu. Ndi dzanja lanu."

Nkhope imene ndinaona pamenepo imandibwererabe. Munthu wamkulu, wa tayi, mkulu wa mpingo, ali ndi mantha ngati mwana wotayika pamsika. Anatembenukira kuwindo, dzanja lamanja likusisita lamanzere.

"Ena aona?"

"Ayi. Ndinakonza. Ndakhala ndikukonza kuyambira Malichi."

Basi inkagwedezeka, wina kumbuyo akukangana ndi kondakitala.

"Wachita bwino, mlongo wanga. Ndi tulo chabe. Ingondigwirira mpaka Julayi. Alamu ako usawauze, angade nkhawa zachabechabe."

Mukudziwa chimene ndinamva mumtima? Ndinena poyera, ndakalamba, manyazi ndiwasungira yani. Ndinasangalala. Moyo wanga wonse ndinali wolandira: nyumba, sukulu, ntchito, ndi nsapato zomwe ndinavala tsikulo. Tsopano achimwene aakulu ankafuna ine. Ndinatsika basi ija ndikudzimva kuti ndine munthu.

Kuyambira pamenepo ntchito zanga zinali ziwiri. Ndinkathamangira kulowa anzanga asanafike, nditenge mapepala awo, ndiwawerenge kaye ndi maso ndisanawagwiritse zala. Zilembo zinayamba kuchepa, kenako kupendekeka, kenako kutuluka m'timabokosi. Kalabala koyamba kanatha, ndinagula kachiwiri.

Loweruka lina masana ine ndi alamu tinali kuchapa kuseri kwa nyumba. Anatenga malaya a achimwene n'kuwatembenuza, kuwatembenuzanso, osawaviika.

"Alamu, inu mumakhala nawo kuntchito. Ali bwanji kumeneko? Dzana agwetsa kapu, n'kumandifunsa kuti waswa ndani."

Funso lolunjika chonchi, kwa ine wosadziwa kuzungulira. Ndinafinya siketi yanga mwamphamvu.

"Ali bwino, alamu. Bwana sasiya kuwatama. Mapepala awo sabwerera n'limodzi lomwe."

Anapuma mozama, n'kuviika malaya aja m'madzi. Anati mwina ndi iwo amene amangoganiza zambiri.

Pakampani paja panali namwino. Ankakhala m'kachipinda ka pafupi ndi masitepe, ndi kachipangizo kopimira magazi kopopa ndi dzanja, tsiku lonse akuluka masikafu posowa odwala. Ndipo ine ndinkadziwa chimene thireyi ija inkachita. Chaka cham'mbuyo mwake, mzungu wina wam'mwamba mapepala ake anayamba kubwerera ofiira sabata ndi sabata. Bwana anamuitana n'kumutumiza kwa namwino, namwino n'kumutumiza kwa dokotala. Anapuma mwezi wathunthu, n'kubwera masaya atadzaza, mpando wake ukumudikira, mpaka pamene naye anadzalongedza kulowera kumwera. Choncho sindinganame kuti sindinkadziwa njira. Inali pomwepo, pafupi ndi chitseko.

Lachinayi lina mwezi wa Juni kunatsika pepala limene kalabala sikakanalitha. Mbali yakumanzere yonse inali yoyera. Mizere inkayambira pakati pa tsamba, mawu ena atadyeka mutu, ngati wolembayo theka linalo sankaliona. Zimenezi si tulo. Ngakhale ine wolekeza Fomu 2 ndinadziwa kuti si tulo. Ndinatenga cholembera chofiira, n'kuzunguliza tsamba lonse kamodzi, n'kuimirira. Ndinayenda mpaka pathireyi.

Pomwepo chitseko chinatseguka, n'kulowa bambo wa m'chikepe uja, kudzasiya mapepala a ofesi yawo. Anangondiyang'ana, n'kuyang'ana pepala lofiira m'manja mwanga, n'kumwetulira pang'ono. Mwina ankangopereka moni, kaya. Koma ine magazi anawira. Ndinaimva kale nkhani ikuyenda m'makhonde, ati mubwidi uja zamukanika. Ndinauona mpando ukuperekedwa kwa wina, poti uja anapuma mwezi anali mzungu, ife a m'komboni angatisungire mpando ndani? Ndinapinda pepala lija n'kulilowetsa m'juzi.

Nthawi ya nkhomaliro ndinadzitsekera m'chimbudzi cha akazi ndi pepala latsopano, nditalitsamiritsa pa bondo. Ndinakopera tsamba lonse. Mawu odyeka mutu aja ndinawamaliza ndekha, ena pokumbukira mapepala awo akale, ena pongoganizira. Lofiira lija ndinaling'amba tizidutswa n'kutsegulira madzi. Tina tinakana kupita, ndinachita kuima pamenepo kudikira thanki idzazenso. Madzulo ake mayi kapitawo anandiyamikira kuti ndine wachangu.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Linali Loweruka, m'mawa wozizira, tili pamzere wa basi ku Zengeza 4. Chikwama cha achimwene chinapulumuka m'dzanja lamanzere n'kugwa. Anachiyang'ana pansipo ngati ndi cha munthu wina. Ndinati, achimwene, chikwama. Anatembenuka kuti andiyankhe, koma pakamwa panali patakhotera mbali imodzi, mawu osamveka. Kenako anakhala pansi, pang'onopang'ono, pafumbi, ndi suti yawo.

Mayi wina kumbuyo kwathu anati, "Vakadhakwa ava, mangwanani ano!" Ati aledzera m'mawa uno. Achimwene, oti mowa sanaulawepo chibadwire! Ndinamutembenukira mayiyo n'kumutukwana mpaka makolo ake. Taonani uchitsiru wanga, mlongo wanga ali pansi, ine ndikulimbana ndi mlendo. Anthu ena ndiwo anaimitsa galimoto n'kuwanyamula.

Kuchipatala achimwene sanalankhulenso. Tsiku lachiwiri dokotala anatiitanira pakhonde, amayi, alamu ndi ine. Anali wachinyamata, waulemu, wolankhula Chishona chothamanga. Anati mtsempha wa m'mutu waphulika chifukwa magazi akhala akuthamanga kwambiri kwa nthawi yaitali. Anati matenda amenewa kawirikawiri amayamba achenjeza, ndipo munthu akabwera msanga pali timapiritsi timene timathandiza. Ndiye anafunsa. Kodi anayamba asokonezapo mawu? Kugwetsa zinthu? Kulemba mosiyana ndi kale?

Alamu anatchula za kapu ija. "Koma kupatula pamenepo ndi mutu wokha, adokotala. Ankangoti mutu." Amayi sanamve zambiri, anangogwira mpango pakamwa. Dokotala anayang'ana ine. Ine uja wa pakamwa posatseka, wotukwana anthu pamzere wa basi, ndinayang'ana nsapato zanga.

Achimwene anatisiya Lachitatu masana.

Pamaliro alamu sanalire mokuwa ngati ife. Anakhala pakona pa chipinda, pamphasa, osadya, osamwa, akubwereza mawu amodzimodzi kwa aliyense wodzapepesa: "Ndimagona naye nyumba imodzi, ine osaona. Mkazi wanji ine?" Azimayi a mpingo anayesa kuwalimbitsa, anayesa kuwamwetsa phala ndi supuni, osatheka. Pofika tsiku lachitatu milomo inali itang'ambika, ndipo azimayi aja anayamba kunong'onezana kuti tikapanda kusamala tiika awiri. Amayi nawo anasiya kulankhula, ndipo ndikudziwa kuti ankakumbukira mawu awo omwe. Kawiri ndinakakhala pambali pa alamu kuti ndinene. Kawiri konse munthu analowa, ine n'kuthokoza mumtima kuti walowa.

Tsiku loika, kampani inatumiza lole yonyamula anthu, ndipo bwana anabwera yekha ndi mayi kapitawo. Bokosi lisananyamuke, mkulu woyendetsa mwambo anapatsa bwanayo mpata woti alankhule. Kenako anandikodola.

"Mwana wathu, iwe ndiwe ukudziwa mawu a kuntchito kwanuko. Taima apa umasulire, amayi ako amve."

Ndinaima pambali pa bwana, pabwalo podzaza anthu, ena atakwera pa mipanda ya oyandikana nafe. Alamu anawatulutsa atawagwira uku ndi uku, n'kuwakhazika pakhomo, moyang'anizana nane. Bwana anagwira chipewa ndi manja onse awiri, maso ali psuu. Ankati akanena pang'ono, n'kuima kuti ine ndinene.

Anati pa zaka zake zonse sanaonepo munthu wogwira ntchito ngati ameneyu. Ndinamasulira. Anati ankanyamula yekha katundu wa anthu anayi, ndipo iye bwana akudziimba mlandu kuti analola zimenezo. Ndinamasulira, anthu n'kung'ung'udza kuti koma mzunguyu wanena zoona. Kenako anati atamva za imfayi mtima sunamukhale pansi. Anapita kukatulutsa mapepala onse a malemu a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, n'kuwawerenga limodzilimodzi, kufuna kuona ngati panali chizindikiro chimene iye anachiphonya. Anati akanachiona, akanamugwira yekha pamkono kupita naye kwa dokotala, makina atsopanowo adikire.

Ndinamasulira, lilime likulemera. Anthu anayesa ndi chisoni.

Ndipo anati sanapeze kanthu. Ngakhale cholakwa chimodzi. Mpaka tsamba lomaliza dzanja la munthuyu linali loongoka ngati tsiku limene anayamba. Anati palibe munthu akanadziwa.

Anaima, n'kundidikira. Bwalo lonse linandidikira. Mayi kapitawo ankandiyang'ana kupyolera m'magalasi ake okhuthala aja, osaphethira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa. Mawu oona anali okonzeka m'kamwa mwanga, Chichewa chake chosavuta, mwana aliyense akanamva. Ndinayang'ana alamu. Anali atadzutsa mutu, kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu, maso awo ali pamilomo yanga.

Ndinamasulira zonse monga ananenera, osachotsa, osaonjezera.

Alamu anakuwa. Kulira kwenikweni, kochokera pansi pa mimba, kumene azimayi aja anali kudikira. Pobwera kumanda anandikokera pamphasa pawo n'kundigwira dzanja mwamphamvu.

"Alamu, mwamva? Ngakhale bwana wawo, munthu wophunzira, woona mapepala awo tsiku ndi tsiku, sanaone. Nanga ine ndikanaona bwanji?"

Madzulo amenewo anadya.

Makina atsopano aja anadzayamba atachedwa miyezi itatu, ndi anthu awiri obwereka ku kampani ina. Dziko silinathe. Mathirakitala anapitiriza kulima, malole anapitiriza kuyenda. Makina amenewo sankafuna makadi, choncho chaka chisanathe chipinda chathu chinatsekedwa, ine n'kuyamba kugulitsa zovala ku Chikwanha, kumene pakamwa pangapa panandidyetsa zaka zambiri. Amayi anamwalira osadziwa. Ana awiri aja anakula, alamu akuwalera ndi makina osokera, ndipo sanakwatiwenso.

Alamu akadali moyo, anabwerera kwawo ku Unit L. Maso anachita ng'ala, koma mutu ndi wabwinobwino. Ndimapita kukawaona mwezi ndi mwezi, ndi tomato ndi kasopo. Nkhani ya amuna awo amaikamba mpaka lero, kwa adzukulu, kwa abusa atsopano, kwa aliyense wokhala pansi. Amafotokoza za suti, za lole ya kampani, za mzungu wolira atagwira chipewa. Akafika poti palibe munthu akanadziwa, amatembenukira kumene kukuchokera mpweya wanga.

"Si choncho, alamu? Paja munamasulira ndinu."

"Ndi choncho, alamu," ndimatero. "Anatero."